Kupalasa njinga m'misewu yamiyala ya m'mapiri ndi m'nkhalango

Makilomita 40 a pamsewu wa tala ndi makilomita 40 a pamsewu wamiyala wodutsa m'zitunda ndi m'nkhalango ndi maulendo awiri osiyana kutalitali. Woyambawo munthu wozolowera njinga amaumaliza m'maola awiri. Wachiwiriwo ungamudyere maola anayi, n'kumupeza mdima akadali pakati pa mitengo. Ulendo wotere umayezedwa ndi zinthu zitatu: mamita amene mukwere, nthaka imene matayala aponde, ndi nthawi imene dzuwa likupatseni. Makilomita amabwera pambuyo.

Yambani ndi mapu

Mapulogalamu monga Komoot ndi Ride with GPS amajambula njira n'kukuonetsani zitunda zonse zimene zili m'njiramo. Zambiri zokhudza misewu amazitenga ku OpenStreetMap, mapu a pa intaneti olembedwa ndi anthu odzipereka. Mukajambula njira, tengani mamita onse okwera muwagawe ndi makilomita a ulendo. Akatuluka mamita 10 pa kilomita, zitunda zake n'zofatsa. Akafika 20, imeneyo ndi njira yamapiri ndipo miyendo idzamva. Akapitirira 25 pamsewu wamiyala, dziwiranitu kuti pena mudzatsika n'kukankha njinga.

Musakhulupirire avereji. Chitunda cha makilomita 3 cholembedwa kuti ndi 6 peresenti chingabise mamita 300 a 16 peresenti pakati pake, ndipo mamita 300 amenewo ndiwo angakutsitseni panjinga. Kukwera kwa 10 peresenti kumatanthauza kuti pa mamita 100 alionse mukukwera mamita 10. Kulitsani chithunzi cha chitunda chilichonse muone pamene chaimirira kwambiri. Ngati muli ndi mapu apepala a 1:50,000, masentimita 2 ndi kilomita imodzi. Pamapu amene mizere yosonyeza kukwera imasiyana ndi mamita 20, mizere yotalikirana mamilimita 4 ndi chitunda cha 10 peresenti, ndipo yotalikirana mamilimita 2 ndi cha 20 peresenti. Msewu ukamadula mizereyo mopingasa, mukukwera kapena kutsika. Ukamatsatira mzere umodzi, ukuzungulira phiri m'mbali, ndipo pamenepo ndi popumira.

Kenako fufuzani nthaka. Pa OpenStreetMap tinjira ta m'minda ndi ta m'nkhalango timagawidwa kuyambira grade1 mpaka grade5. Grade1 ndi wolimba, nthawi zambiri wowaka. Grade2 ndi wamiyala yotsenderezeka bwino, ndipo ndiwo njinga ya gravel (yooneka ngati yampikisano koma ya matayala okulirapo) inapangidwira. Grade3 ndi wosakaniza, pena polimba pena pofewa. Grade4 ndi grade5 ndi dothi, udzu kapena mchenga; kukakhala kouma mungadutse, koma mvula ikagwa amasanduka phala. Ulendo woyamba m'dera lachilendo ukhale ndi grade2 ndi grade3 wambiri, grade4 pang'ono chabe.

Zithunzi za m'mlengalenga zimathandiza poyera, koma m'nkhalango masamba amaphimba msewu. Mapu a Strava (pulogalamu imene opalasa njinga ndi othamanga amasungiramo maulendo awo) osonyeza momwe anthu amadutsa kawirikawiri angakuuzeni ngati njirayo ikuyendedwabe, ngakhale sanena ngati odutsawo anali panjinga ngati yanu kapena panjinga yam'mapiri ya matayala onenepa. Safunsa anadya phula: funsani oyang'anira nkhalango kapena anthu okhala pafupi. Iwo ndiwo amadziwa mlatho umene unakokoloka, chipata chimene chimakhomedwa, ndi chigawo chimene akudulamo mitengo. Nkhalango zina zimafuna chilolezo, zina zimatsekedwa nyengo ya moto, zina ndi za eni ake. Zimenezi zidziweni musananyamuke.

Njira yozungulira ili ndi mbali ziwiri zoyambira, ndipo kusankha kwake n'kofunika. Zitunda zovuta zikhale m'theka loyamba, mphamvu zikadalipo. Phiri likakhala ndi mbali ina yoipa ndi ina yosalala, kwerani yoipayo mutsikire yosalalayo. Pokwera mumayenda pang'onopang'ono, ndipo zikakanika mumangotsika n'kukankha. Potsika pamiyala yogumuka, kulakwitsa kamodzi kokha kumakugwetsani.

Powerengera nthawi, gawani makilomita ndi 18, kenako onjezani mphindi 10 pa mamita 100 alionse okwera. Njira ya makilomita 45 yokwera mamita 900 ndiye kuti ndi maola awiri ndi theka kuphatikiza ola limodzi ndi theka, onse pamodzi maola 4. Ikanipo mphindi 40 zopumira, kudya ndi kuyang'ana mapu. Mawerengedwe amenewa amapitirira dala pang'ono. Mukayenda maulendo angapo mudzadziwa manambala anuanu. M'nkhalango mdima umayamba dzuwa lisanalowe, makamaka m'zigwa, choncho konzani zotulukamo kudakali ola lathunthu. Lembani pamapu malo awiri kapena atatu pamene mungapatukire kumsewu waukulu, ndipo dziikireni ola lobwerera: likakwana musanafike pakati pa ulendo, tembenukani. Sungani njirayo ngati fayilo ya GPX (fayilo ya njira imene foni kapena GPS imatsegula), mutsitsiretu mapu m'foni kuti azitseguka popanda netiweki, ndipo wina kunyumba adziwe njira yanu ndi nthawi imene akuyembekezereni.

Matayala, magiya, mabuleki

Pa zonse za panjinga, tayala ndilo limasintha ulendo koposa. M'misewu yamiyala ya m'mapiri, tayala la mamilimita 40 mpaka 45 m'lifupi limakwanira anthu ambiri. Likhale ndi timano tating'ono tothinana pakati kuti liziyenda mopepuka, ndi timano tokulirapo m'mbali togwira nthaka pokhota. Musanagule lalikulu, onani mpata wa pafulemu ndi pafoloko. Pakhale mamilimita osachepera 5 kapena 6 mbali zonse, chifukwa matope akamata amafuna podutsa.

Anthu ambiri amapopa mopitirira. Tayala lolimba gwa limadumphadumpha pamiyala, siligwira pansi, ndipo manja amachita dzanzi. Munthu wolemera makilogalamu 70 pa matayala a tubeless (opanda chubu) a mamilimita 40 ayambire pa 35 mpaka 38 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala) kumbuyo, kutsogolo kuchepereko ndi 2 kapena 3. Wolemera kuposa pamenepo, kapena wonyamula katundu, awonjezere. Mukamamva limu ikugunda mwala, mpweya wachepa. Mukamamva njinga ikutererekera kunja pokhota pouma, mwina wachuluka. Sinthani 2 psi yokha nthawi imodzi. Ngati m'matayala muli machubu, onjezani 5 psi kapena kuposerapo, chifukwa chubu chofewa chikapanikizika pakati pa mwala ndi limu chimabooka timabowo tiwiri toyandikana ngati polumidwa ndi njoka. Pa tubeless thirani mamililita pafupifupi 60 a madzi omata mabowo m'tayala lililonse. Madziwo amauma pakapita miyezi ingapo, msanga kwambiri kotentha, ndiye gwedezani gudumu mumve ngati akadalimo.

Magiya ayeseni ndi masamu osavuta. Tengani mano a giya yaing'ono yakutsogolo muwagawe ndi mano a giya yaikulu yakumbuyo. Njinga zambiri za pamsewu wa tala zimakhala ndi 34 kutsogolo ndi 32 kumbuyo, zomwe zimatulutsa 1.06. Pachitunda chamiyala cha 14 peresenti zimenezo n'zolemera. Mano 40 pa 42 amatulutsa 0.95, 30 pa 34 amatulutsa 0.88, ndipo 38 pa 44 amatulutsa 0.86. M'mapiri funani nambala yosafika 1, ndipo ngati munyamula zikwama, yoyandikira 0.8. Chifukwa chake n'chakuti pamiyala simungaimirire n'kupondereza ngati patala. Giya yopepuka ndiyo imakulolani kukhalabe pachishalo.

Mabuleki a disiki ayang'aneni ndi tochi. Mapadi, tizigamba timene timapanikiza disiki, akatsala theka la milimita, asintheni, ndipo ulendo wautali wamatope musauyambe ndi mapadi otsala milimita imodzi, chifukwa mchenga wonyowa ungawamalize tsiku lomwelo. Mapadi achitsulo amapirira matope ndi kutentha kuposa mapadi ofewa, ngakhale amalira kwambiri. Disiki ya mamilimita 160 imataya kutentha bwino kuposa ya 140 pamtsetse wautali.

Madzulo a tsiku loti mawa munyamuke, kwezani gudumu lililonse mulizungulitse muone ngati likukhula kapena kugwedera. Gwirani buleki yakutsogolo mukankhe njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva kugogoda pakhosi pa foloko, pamasuka. Limbitsani ma ekiselo. Mabauti a handulo ambiri amafuna 4 mpaka 6 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bauti), ndipo nambala yake imalembedwa pambali pa bautiyo. Pukutani tcheni, muthire mafuta dontho limodzi palungo lililonse, kenako mupukutenso otsalawo, chifukwa mafuta a pamwamba amangokoka fumbi.

Zonyamula

Nyamulani chubu chimodzi kapena ziwiri ngakhale muli pa tubeless, pampu, zokanulira tayala ziwiri, timapulagi totsekera mabowo ndi singano yake, zigamba ndi guluu, sipanala ya makiyi ambiri yokhala ndi chodulira tcheni, quick link, lungo lapadera lolumikizira tcheni yoduka, yogwirizana ndi tcheni yanu (ya magiya 11 siilowa bwino pa ya 12), ndi kachigamba kolimba koika m'kati mwa tayala long'ambika. Musaiwale kachitsulo kopachikapo chosinthira magiya chakumbuyo, kotchedwa derailleur hanger. N'kopepuka, njinga iliyonse ili ndi mtundu wake, ndipo kanapangidwa dala kuti kazipindika kapena kuthyoka m'malo mwa fulemu. Onjezani tizingwe tapulasitiki tomangira, nyali yakutsogolo ndi yakumbuyo, batire yosungira moto wa foni, mabandeji ndi mankhwala otsukira bala.

Madzi awerengereni mamililita 500 mpaka 750 pa ola, kuposa pamenepo kukatentha. Ulendo ukapitirira ola limodzi ndi theka, thupi limafuna magalamu 30 mpaka 60 a shuga kapena sitachi pa ola. Idyani pang'onopang'ono mphindi 30 zilizonse, njala isanakupezeni, ndipo idyerani pamalo athyathyathya, osati pamtsetse. Jekete yopepuka yotchinga mphepo ikhalepo nthawi zonse: mpweya umazizira pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 alionse okwera, ndipo munthu wonyowa ndi thukuta akayamba kutsika mumthunzi amazizidwa mpaka zala kukanika kugwira buleki. Chipewa cholimba, magolovesi ndi magalasi oyera osadetsa maso ndi zovala za ulendo uliwonse. Magalasi akuda m'nkhalango amabisa maenje.

Pokwera

Sinthani giya chitunda chisanalimbe. Kusintha mukupondereza mwamphamvu ndiko kumadula tcheni. Khalani pachishalo kuti thupi lanu lilemeretse tayala lakumbuyo. Mukangoimirira, tayalalo limapepuka n'kuyamba kupala miyala pamalo amodzi. Zungulitsani miyendo mofanana, maulendo 70 mpaka 85 pa mphindi ngati magiya akulola, osati kuponda modukiza. Chitunda chikaimirira mpaka gudumu lakutsogolo kuyamba kunyamuka, sendererani kumphuno ya chishalo, pindani zigongono, chifuwa chiyandikire handulo. Maso akhale mamita asanu kapena khumi kutsogolo, kufunafuna mzere wolimba. Kawirikawiri umakhala momwe mumaponda matayala a galimoto, pomwe pakati ndi m'mphepete mumasonkhana miyala yosagwirana.

Mukaima pakati pa chitunda, musalimbane n'kunyamukira molunjika kumtunda. Ikani njinga mopingasa pang'ono, mukhale pachishalo, pedulo imodzi ili m'mwamba, munyamuke mofatsa kenako muwongole. Zikakanika, kankhani. Pa 18 peresenti kukankha ndi kupalasa zimathamanga pafupifupi mofanana, koma kukankha kumasiyako mphamvu za chitunda chotsatira.

Potsika

Apa ndi pamene anthu amavulalira, choncho pafunika kudekha. Ngati handulo yanu ndi yopindikira pansi, monga ya njinga ya gravel, gwirani kunsi kwake. Kumeneko zala zimakoka buleki mwamphamvu, ndipo manja sangasomphoke njinga ikagunda dzenje. Mapedulo akhale molingana, wina kutsogolo wina kumbuyo, zidendene zitatsikira pansi pang'ono. Nyamukani pang'ono pachishalo, mawondo ndi zigongono zili zopinda, kuti njinga izivinavina pansi panu thupi lili phee. Bwererani m'mbuyo pang'ono pokha. Mukabwerera kwambiri, gudumu lakutsogolo limapepuka n'kuleka kumvera.

Buleki yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga. Yakumbuyo ikagwidwa yokha imangokhwekhwereza tayala. Gwirani zonse ziwiri mofatsa, mukuwonjezera mphamvu pang'onopang'ono, ndipo chitani zimenezi pamalo owongoka ndi olimba. Pofika pokhota mukhale mutachepetsa kale liwiro. Pokhotapo masulani buleki yakutsogolo, pedulo yakunja ikhale pansi mutaiponda zolimba, pendeketsani njinga kuposa thupi, maso ali kotulukira. Mukayang'ana mwala umene mukuuopa, mudzaugunda, chifukwa njinga imatsata maso.

Pamtsetse wautali musagwirire mabuleki osalekeza. Kukhula kosalekeza kumatenthetsa disiki ndi mapadi mpaka buleki kuyamba kufooka, ndipo nthawi zina mafuta a m'mapaipi amawira, chogwirira n'kufika pahandulo popanda kugwira kanthu. Gwirani mwamphamvu masekondi angapo, masulani, gwiraninso. Mukamva fungo lopserera, imani pambali mphindi zisanu, ndipo disikiyo musaikhudze.

Misewu ina ili ndi timizere topingasa ngati malata, topangidwa ndi magalimoto. Pamenepo masulani manja, ikani giya yolemerako kuti tcheni isamenyemenye, ndipo funani m'mphepete momwe timizereto tachepa.

Za m'nkhalango mwenimwenimo

Mthunzi umasunga chinyezi. Msewu ungakhale wouma mbee pamtunda, koma pokhota pa m'chigwa pomwe dzuwa silifika pali ndere ndi dothi loterera masiku angapo mvula itatha. Mizu yonyowa imaterera ngati sopo. Idutseni mopingasa ndithu, osati moitsatira kapena mopendekera, ndipo pamwamba pa muzu musagwire buleki kapena kupondereza pedulo. Milatho yamatabwa ndi chimodzimodzi. Masamba ogwa amabisa maenje, miyala ndi ngalande zokumbidwa ndi madzi. Pamene simukuona nthaka, chepetsani liwiro. Kuwala kwa mawangamawanga kodutsa m'masamba kumasokoneza maso, ndipo potuluka padzuwa kulowa mumthunzi maso amatenga masekondi angapo kuti azolowere.

Timitengo touma n'toopsa kuposa momwe timaonekera. Kamtengo kakalowa m'masipoko akumbuyo kamakoka chosinthira magiya n'kuchipotokola. Mukangomva chinthu chakola kumbuyo, lekani kupalasa nthawi yomweyo. Kuponda kamodzi kowonjezera ndiko kumathyola.

M'nkhalango zodulidwa mitengo mumayenda malole olemera amene sangaime msanga. Pokhota posaoneka kutsogolo khalani kumbali yanu, makutu ali otsegula, opanda zomvera nyimbo. Mukamva injini, patukani muime mpaka fumbi lithe. Oyenda pansi ndi ziweto achenjezeni mudakali patali ndipo adutseni pang'onopang'ono. Chipata chisiyeni monga mwachipezera.

Pamchenga lowani ndi liwiro, giya yopepukirako, thupi chakumbuyo, manja omasuka, ndipo musaleke kupalasa. Lolani gudumu lakutsogolo lisankhe lokha podutsa. Dongo lomata ndi nkhani ina: limakutira tayala, kudzaza mpata wa pafulemu, gudumu n'kuima. Likayamba kuunjikana, tsikani munyamule njinga kapena muiyendetse pa udzu wa m'mbali, dongolo mulichotse ndi kamtengo. Kukakamira kupalasa kumapala fulemu ndi kuthyola hanger ija.

Pamtsinje imani kaye muone. Madzi oyera osafika pakati pa gudumu, pansi pooneka, mungadutse ndi giya yopepuka. Akapitirira pamenepo amalowa m'mabelingi, ndiye nyamulani njinga, muigwirire kumunsi kwa madzi kuti ikakokedwa isakugwetseni. Madzi othamanga ofika m'mawondo, kapena ofiira osaoneka pansi, musawaoloke. Bwererani. Mukaoloka, gwiranigwirani mabuleki kuti aume.

Zikavuta

Tubeless ikabooka, zungulitsani gudumu bowo likhale pansi kuti madzi omata afikepo. Likapanda kutseka pakatha theka la mphindi, bayanipo pulagi mupope. Tayala likang'ambika m'mbali, chotsani vavu ya tubeless, pitsani zala m'kati monse mwa tayala mosamala kuchotsa minga yakale imene madzi aja anaibisa, ikani chigamba cholimba pong'ambikapo, kenako chubu. Mukaiwala mingayo, chubu chatsopano chibooka musanayende kilomita.

Tcheni ikaduka, chotsani malungo opindika ndi chodulira kuti nsonga zonse ziwiri zithere pa timbale tam'kati, mulumikize ndi quick link. Tcheniyo yafupika, choncho pewani giya yaikulu kwambiri yakumbuyo mpaka mukafike. Mukagwera mbali ya magiya, yang'anani hanger muli kumbuyo kwa njinga musanakwerenso. Ikapindikira m'kati, giya yopepuka kwambiri ingaponyere chosinthira m'masipoko.

Pansi pa mitengo yowirira ndi m'zigwa zakuya GPS imaphonya ndi mamita makumi angapo, ndipo pamphambano ya tinjira tiwiri toyandikana zimenezo n'zokwanira kukusocheretsani. Mukapatuka, yang'ananinso mapu mutayenda mamita 200. Mukapeza kuti mwasochera, bwererani pamene munali otsimikiza komaliza. Musadule tchire kutsetserekera kuchigwa poganiza kuti mukumana ndi msewu. Kukwereranso ndi njinga paphewa kumatha mphamvu ndi nthawi.

Mphezi ikang'anima, werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, chokani pamsana pa phiri ndi pansi pa mtengo wautali woima wokha, mutsikire malo otsika koma osati m'khwawa lodutsa madzi. Mphepo yamkuntho ikayamba kugwetsa nthambi, tulukani m'mitengo pa njira yachidule imene munalemba ija.

Mukafika, tsukani njinga ndi ndowa ndi burashi matope asanaume. Madzi opopera mwamphamvu amakankhira mchenga m'mabelingi. Umitsani tcheni muithire mafuta, koma asadonthere pa disiki. Yang'anani matayala ngati achekeka, mapadi ngati atha, ndi thupi lanu ngati lagwidwa ndi nkhupakupa, makamaka kuseri kwa mawondo, m'chiuno ndi m'khwapa. Kenako tsegulani mapu mulembepo pamene panali dongo, chipata chokhoma, madzi akumwa, ndi nthawi yeniyeni imene chitunda chilichonse chinakutengerani.